Mpando wopinda wa m'Hiace yanga: mmene ndinaupangira kachiwiri

Mpando woyamba ndinaupanga mutu uli pa matumba a nshawa basi. Amene anandionetsa kulakwa kwanga ndi amayi, pa mlatho wa Luangwa, tili pa ulendo wa kumudzi ku Katete. Titaima kuti tigule nsomba zouma, anatsika pang'onopang'ono atagwira m'chiuno, n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

"Mwanawe, ndinakulakwira chiyani kuti undikhazike pa benchi ya kuchipatala?"

Njira yotsalayo anakhala kutsogolo, mkazi wanga n'kupita kumbuyo. Pofika ku Petauke nayenso anali atasiya kundiyankha.

Ndimakhala ku Mtendere mu Lusaka, ndipo ntchito yanga ndi yotenga nshawa ndi nyemba kum'mawa n'kudzagulitsa kwa amayi a pa Soweto Market. Galimoto yanga ndi Toyota Hiace ya katundu, ya mtundu uja unayamba kutuluka mu 2004, ndipo kumbuyo kwake kuli malo otalika pafupifupi mamita 3. Pochoka ku Japan inali ndi mpando wachiwiri wa anthu atatu, koma amene anandigulitsa anali atauzula kalekale. Ine pofuna kunyamula banja ndinapangitsa kabenchi ka plywood, msana wake woongoka ngati khoma, siponji yopyapyala ngati chitenje chopinda pawiri. Ndinkakanyadira chifukwa kakapindidwa kankadya masentimita 12 okha. Kunyada konseko kunathera pa Luangwa.

Popanganso mpandowo ndinayamba ndi kuona mmene eni magalimoto amachitira. Loweruka lina ndinalithera m'malo ogulitsa zitsulo za magalimoto owonongeka, kupinda ndi kutambasula mpando uliwonse umene anandilola kugwira. Mu Toyota Noah mipando ya kumbuyo kwenikweni imanyamuka n'kukamamatira m'mbali, pa mawindo. Pansi pamayera bwino, koma m'lifupi mumachepa, ndipo matumba anga amafuna m'lifupi. Honda Fit ndiye inandigometsa: thanki ya mafuta anaiika pansi pa mipando ya kutsogolo, motero mpando wa kumbuyo uli ndi dzenje lomiramo ukapindidwa. Nzeru imeneyo simungaibere, chifukwa galimoto yonse anaikonza poganizira mpandowo. Hiace pansi pake m'posalala, palibe pomira. Njira yotsala inali yomwe mpando wake weniweni umachitira: chotsamira chigone pa pokhalira, kenaka zonse zigubuduke kutsogolo n'kuimirira kuseri kwa mipando ya dalaivala.

Mwina mufunsa chifukwa chake sindinangogula mpando weniweniwo. Ndinaupeza umodzi, wodyeka ndi dzimbiri m'miyendo, pa mtengo woti munthu akhale kaye pansi. Komanso nditaukhalira ndinaona kuti sunasiyane kwambiri ndi benchi yanga ija. Anaupangira anyamata a ntchito opita pa mtunda waufupi, osati gogo wa ulendo wa makilomita pafupifupi 500.

Chinthu chotsatira chinali kulowa pansi pa galimoto ndi tochi. Musadumphe pamenepa. Pansi apo padutsa mapaipi a mabuleki, mapaipi a mafuta ndi mawaya, ndipo thanki ilinso pomwepo. Munthu woboola pansi ali pamwamba, osaona chimene chili kuseri, akusewera ndi moto weniweni. Mwayi wanga unali woti nditafunyulula mphira ya pansi ndinapeza mabowo a mabawuti a mpando wakale akadalipo, ena atatsekeka ndi dothi, kuseri kwake kuli chitsulo chokhuthala chimene anaika ku fakitale. M'mizati ya m'mbali munalinso pomangirira malamba odzimangira anthu okwera. Ndinaganiza zoti mpando wanga utsatire mabowo amenewa, ndisaboole ngakhale limodzi latsopano. Pa white book, chikalata cha umwini wa galimoto, panalinso polembedwa anthu 6, ndiye sindinali kuwonjezera chiwerengero. Ngati yanu inalembedwa atatu, kafunseni kaye ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pa msewu, ndi kwa a inshuwalansi musanagule chitsulo.

Tsopano pa nkhani ya thupi la munthu, pamene ndinalakwitsa poyamba. Ndinagula matabwa otsika mtengo ku Buseko n'kukhoma mpando woyeserera m'galimoto momwemo, chotsamira chake chomangirira ndi chingwe kuti ndizichisuntha. Oyesa anali atatu: amayi, amene ndi aafupi, mkazi wanga, ndi mphwanga wina wamtali ngati mlongoti. Tinatha Lamlungu lonse masana, ine ndili ndi tepi ndi pensulo, iwo akundiuza pamene pakuwawa.

Pokhalira pakatalika kuchokera pansi, miyendo ya munthu wamfupi imalendewera, m'mphepete mwa mpando mumafinya ntchafu kunsi, ndipo pakapita ola miyendo imachita dzanzi. Pakafupika, mawondo a wamtali amakwera m'mwamba, thupi lonse n'kutsamira pa mafupa awiri a m'matako. Tinagwirizana pa masentimita 38, siponji itaphwa ndi kulemera kwa munthu. Mawu akuti itaphwa musawaiwale, chifukwa ambiri amayeza mpando wopanda munthu. Kuya kwa pokhalira, kuchokera pa chotsamira kufika kumapeto, tinaika masentimita 44, kuti pakati pa mpando ndi kuseri kwa bondo la amayi pazilowa zala zitatu. Mphwanga anadandaula kuti kwa iye m'pafupi. Ndinamuuza kuti iye ndi mnyamata, apirira.

Chimene chinasintha zonse ndi kupendekeka. Benchi yanga yakale inali ya madigiri 90, ndipo palibe msana umene ungakhale choncho maola asanu ndi awiri. Tinkamasula chingwe pang'onopang'ono mpaka amayi ananena kuti, "Apo, usakhudzenso." Nditayeza ndinapeza madigiri 105 pakati pa pokhalira ndi chotsamira. Koma ukapendeketsa chotsamira chokha, munthu amatsetsereka kutsogolo pa buleki iliyonse. Pokhalira napo payenera kudzuka kutsogolo pang'ono, ngati mphuno ya bwato. Tinaika kathabwa ka masentimita 5 kunsi chakutsogolo, kutsetsereka n'kutha. Mkazi wanga anapinda kathawulo n'kuika m'munsi mwa msana, pamene msana umalowa mkati, ndipo ananena kuti popanda kameneko ndisamuitane pa ulendo. Ndinalemba malo ake: pakati pa kathawuloko panali masentimita 18 kuchokera pa pokhalira.

Miyeso yonseyi ndinaijambula pa katoni, m'mbali mwa mpando monga ulili kukula kwake, n'kudula zidutswa ziwiri, pokhalira ndi chotsamira. Ndinazilumikiza ndi msomali umodzi kuti uimire hinjesi. Kachipangizo kameneka kanandipulumutsa ku zambiri. Hinjesi ya chotsamira ikakhala m'munsi kwambiri, masiponji awiriwo amagundana chotsamira chisanagone, mpando n'kutsala chotsegula pakamwa ngati ng'ona. Ndinasuntha msomali uja kangapo mpaka ndinapeza kuti uyenera kukwera masentimita 9 pamwamba pa chitsulo cha pokhalira.

Katoniyo ndinapita nayo ku Garden, kumene owotcherera andanda m'mbali mwa msewu ndi mageti ndi mafelemu a mawindo. Ndinasankha mdala wina amene anagwirapo ntchito yokonza mabodi a mabasi. Anayang'ana chojambula changa, n'kufunsa kuti ndikufuna chitsulo chanji. Ndinatchula chopepuka, kuti mkazi wanga azitha kupinda yekha.

"Abwana, motoka si geti," anatero. "Chija cha mawindo ine sindiwotcherera pa mpando wokhala anthu."

Tinakangana pang'ono, koma ndinagonja nditawerengera ndekha. Pa ngozi, thupi la munthu limatha kukoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwake maulendo 20. Munthu wa makilogalamu 60 amasanduka 1,200. Atatu ndi 3,600, kapena kuti matumba 72 a makilogalamu 50. Ine amene ndimadziwa kulemera kwa thumba limodzi pa phewa, sindinayankhenso. Tinagula square tube (paipi yachitsulo ya ngodya zinayi) ya mamilimita 25, yokhuthala mamilimita 2, ndi mabawuti olembedwa 8.8 pamutu. Mabawuti opanda nambala pamutu asiyeni, ndi a mabedi. Malamba onse tinawamangirira ku galimoto, m'mabowo ake a ku fakitale, osati ku mpando, kuti katundu wa matumba 72 uja asagwere pa zowotcherera zathu. Malambawo ndinagula atsopano, chifukwa lamba wochokera m'galimoto ya ngozi amakhala atatamuka kale ngakhale aoneke bwino.

Maloko sitinapange tokha. Mdala uja ankafuna kuika kachitsulo kolowetsa pa bowo ngati ka pa khola la mbuzi, ndipo apa ndi pamene ine ndinakana. Ndinabwerera kwa ogulitsa zitsulo zakale n'kugula maloko awiri a mipando ya kumbuyo, amene amaluma okha mpando ukagwera pansi, pamodzi ndi tizitsulo take tolumapo. Kachitsulo kolowetsa ndi dzanja munthu amaiwala, koma loko imalira kuti "kha" ndipo umadziwa kuti yagwira.

Ntchito ya masiku atatu inatenga milungu iwiri. Munali mu 2024, chaka cha chilala chija madzi atachepa ku Kariba, ndipo magetsi ankabwera nthawi zina pakati pa usiku. Mdala ankawotcherera mbandakucha, ine n'kudzapeza ntchito yasuntha pang'ono. Ubwino wake, zonse ankawotcherera kunja kwa galimoto, n'kumangolowetsa kudzayesa. Poyesa koyamba mpando unakana kuimirira, miyendo ya kumbuyo inatsala itasongoka kuloza ku katundu ngati nyanga za ng'ombe. Zikanang'amba thumba loyamba lomwe. Tinaidula n'kuiika pa mahinjesi kuti izigona yokha mpando ukaimirira.

Za siponji ndinapita ku Kalingalinga, kwa osoka masofa. Apa m'pamene pali mkangano weniweni pakati pa munthu ndi katundu, chifukwa sentimita iliyonse ya siponji imawerengedwa kawiri mpando ukapindidwa, ya pokhalira ndi ya chotsamira. Ine ndinkaganiza kuti kufewa ndiye kukoma. Mmisiri wake anandikhazika pa siponji yofewa ya masentimita 15, ndipo ndinamira mpaka kumva thabwa kunsi. Kenaka anandikhazika pa yolimba ya masentimita 6 yoikidwa pa malamba otamuka olukanalukana, ndipo inali bwino kuposa yoyamba ija. Malambawo amalowa m'kati mwa felemu, ndiye sawonjezera kukhuthala ngakhale pang'ono, koma ndi amene amameza mabampu. Tinachotseratu plywood. Pa pokhalira tinaika siponji yolimba ya masentimita 6 ndi yofewa ya masentimita 2 pamwamba. Pa chotsamira, pamene sipalemedwa kwambiri, masentimita 4 anakwana, kuwonjezapo kachidutswa pamalo a kathawulo ka mkazi wanga.

Nsalu ndinagula ku Kamwala. Ya pulasitiki imapukutika msanga, koma aliyense amene anakwerapo minibasi mu Okutobala amadziwa mmene imamatira kumsana. Ndinasankha nsalu yolimba pamene pakhudza thupi, pulasitiki n'kuika kunsi ndi kuseri, mbali imene imayang'anizana ndi fumbi la nshawa.

Zotsamira mutu zinatsala pang'ono kundigonjetsa. Popanda izo, galimoto ikagundidwa kumbuyo khosi ndi limene limalipira. Koma zikakhalapo, mpando ukamagubuduka zimagunda pansi. Tinatenga zitatu za m'galimoto yakale pamodzi ndi timapaipi take tolowetsamo, ndipo popinda ndimazizula n'kuziika m'kathumba kamene mmisiri anasokera kunsi kwa mpando. Ndi ntchito yowonjezera, ndipo sindinganame kuti imandisangalatsa.

Sabata yoyamba mpando wopindidwa unkalira ngati chigayo mu msewu wa dothi wa kwathu. Tinaumanga ndi lamba wa ngowe ku chitsulo cha kuseri kwa mipando ya kutsogolo, n'kumata zidutswa za tayala pamene zitsulo zimakhudzana. Unakhala chete. Kulemera kwake kunafika poti mkazi wanga amaunyamula ndi manja awiri akudandaula, ndiye ndinawonjeza tizitsulo tiwiri ta mpweya, tija timagwira chitseko cha kumbuyo, kuti tizithandiza kukankha. Nthawi ya fitness itakwana, woyesa anaugwedeza, anakoka malamba onse atatu, n'kupitirira kukaona matayala.

Ukapindidwa umadya masentimita 24, kuwirikiza kawiri benchi ija. Pa ulendo wodzaza ndimasiya matumba awiri amene kale ankalowa, ndipo ndikamawerenga ndalama pa Soweto ndimawakumbukira. Mpando ukakhala wotambasula, katundu wa kumbuyo kwake ndimamumanga ndi malamba ku ngowe za pansi ndipo sindimulola kupitirira msinkhu wa chotsamira, chifukwa thumba nalonso limachulukitsidwa ndi 20 pa ngozi.

Mu Disembala tinanyamukanso wa ku Katete. Amayi anakwera kumbuyo mokayika, chitenje chopinda chili m'manja kuti aziikapo ngati zitavuta. Tisanafike ku Rufunsa anali atagona. Pa Luangwa sindinawadzutse, ndipo ku Nyimba ndinadutsa osaima. Anadzidzimuka tikuyandikira Petauke, n'kusuzumira pa windo.

"Iwe, nthochi za pa Nyimba wagula?"

Ndinati ayi, munali m'tulo. Anandikalipira mpaka ku Sinda.