Reverse loop yandilowa tsopano, patatha miyezi itatu ya shoti

Eee, lero lokha ndigona tulo. Miyezi itatu ndakhala ndikulimbana ndi kachigawo kamodzi ka njanji kotembenuzira sitima, kotchedwa reverse loop, ku kalabu yathu ya timasitima kuno ku England, ndipo zandilowa dzulo usiku, osatinso kukalabuko ayi, koma pa tebulo la kukhitchini ndili ndi bogi imodzi yakutha ndi katepi kofiira.

Timasitima tathu ndi ta saizi yotchedwa OO gauge, timayendera magetsi odutsa m'zitsulo ziwiri za njanji. Layout yathu, kutanthauza njanji zonse zomwe tinayala pa matabwa, ndi yaikulu ndithu, imadzadza holo yonse, yonse ndi DCC, njira yolamulira sitima ndi uthenga wodutsa m'magetsi a m'njanji, pansi pa matabwa pakudutsa mawaya awiri onenepa, wofiira ndi wakuda. Kumapeto kwake kuli reverse loop ija, yomwe ine ndimaitcha chipande. Njanji imabwera imodzi ngati chogwirira, pa point (mphambano ya njanji) imapatuka, kuzungulira, n'kudzalowanso pa chogwirira chomwecho sitima itayang'ana komwe yachokera. Ntchito ya mawaya pamenepo anandipatsa ine poti ndine ndekha wotha kukwawa kunsi kwa matabwa, mawondo a madala enawo anatha kalekale.

Ndinalumikiza monga mwa masiku onse, wofiira ku chitsulo chimodzi cha njanji, wakuda ku chinacho. Kuyatsa, command station, bokosi lopereka magetsi ndi malamulo ku njanji, yangolira pii, yathima: shoti. Ndinati mwina ndalakwitsa powotcherera, ndinamasula ma dropper onse, timawaya tolumikiza njanji ku mawaya onenepa aja, n'kuyambiranso, pii. Ndinayamba kukayikira point poti ndi ya mtundu wa electrofrog, ya chitsulo cha magetsi pomwe njanji zimapingasana, ndipo ma point amenewa ali ndi mavuto awoawo, ndinaizula n'kuikapo ina, pii yemweyo. Ndinafika poganiza kuti pagwera kamsomali penapake, n'kumayenda ndi tochi ngati ndataya ndalama.

Dzulo ndiye ndinayala tinjanji takale pa tebulo mofanana ndi chipande chija, opanda magetsi. Ndinatenga bogi n'kumata tepi yofiira mbali imodzi yokha, mbali ya chitsulo cha waya wofiira. Ndiye kumaikankha ndi chala pang'onopang'ono, yalowa m'chipande, yazungulira, yatulukira pa point, yabwerera pa chogwirira. Kuyang'ana, tepi ija ili mbali ya chitsulo chakuda. Ndinangoti kakasi. Ndinabwereza kanayi. Chitsulo chomwe ndinkachitcha chofiira, ukachitsatira osachisiya, chimazungulira n'kudzakumana ndi chakuda chokha popanda wina kulakwitsa kalikonse. Kuwotcherera kwanga kunalibe mlandu, point inalibe mlandu, shoti ili m'kapangidwe ka njanjiyo basi.

Koma chomwe chandisangalatsa zedi ndi chachiwirichi. Ine ndinayambira pa njira yakale ya DC, komwe sitima imapita kutsogolo kapena kumbuyo malinga ndi chitsulo chomwe chili ndi plus. Ndiye m'mutu mwanga munakhazikika zoti ukasinthanitsa mawaya sitima ili paulendo, ibwerera chafutambuyo pompo. N'chifukwa chake auto-reverser, kabokosi kosinthanitsa magetsi a m'chipande pakokha, sinkandimvekera, ndinkati kodi kabokosi kameneka kasinthanitsa bwanji magetsi kunsi kwa sitima yoyenda, sitimayo osadzidzimuka? Kumeneko ndiye kunali kusamva kwanga. Pa DCC palibe chitsulo cha plus chokhazikika, magetsi a m'njanji amangotembenuka okha kamasauzande angapo pa sekondi imodzi, ndipo kutembenukako ndi komwe kumanyamula uthenga. Decoder, kachipangizo ka m'mutu wa sitima, imatenga magetsiwo, kuwawongola yokha, n'kupatsa mota malinga ndi zomwe walamula pa throttle, choyendetsera cha m'manja. Kutsogolo ndi kutsogolo kwa mutu wa sitimayo, njanji ilibe nazo ntchito. Ukaunyamula mutuwo n'kuutembenuza pa njanji, ukati kutsogolo upitabe komwe wayang'ana. Izi ndakhala ndikuziona ndi maso angawa chaka chonse osazilumikiza ndi nkhani ya chipande, ndikuchita nazo manyazi.

Ndiye zonse zangomasuka zokha. Umadula zitsulo zonse ziwiri polowera m'chipande, zonse ziwirinso potulukira, mipata inayi, n'kuikamo ma joiner apulasitiki kuti zisadzakhudzanenso kukatentha. Chigawo chapakaticho chisalandire magetsi kwina kulikonse koma kudzera mu auto-reverser, dropper imodzi yoiwalika yokha yakwana kukubwezera pii uja. Tayala la sitima likaponda pa mpata pomwe mbali ziwirizo sizikugwirizana, shoti imachitikadi, koma kabokosiko kamaimva msanga n'kusinthanitsa mawaya ake command station isanaganize zothima. Shoti yomwe ine ndinkaithawa miyezi itatu ndi yomwe kabokosiko kamakhala kakudikirira kuti kagwire ntchito. Sitima osadziwa n'komwe kuti pachitika kanthu, magetsi a kutsogolo osaphethira.

Za bogi ya tepiyi ndinene mosabisa, palibe njira ina yoposa imeneyi, ma diagram onse aja a mivi yofiira ndi yabuluu akhoza kupita ku dzala. Triangle yotembenuzira mitu ya sitima, kankha bogi uone. Turntable, chimodzimodzi. Ngakhale ka crossover, kanjanji kolumikiza njanji ziwiri zoyandikana, kobisika pakati pa layout ya dogbone yooneka ngati fupa la galu, komwe kamapanga reverse loop mwakachetechete munthu osadziwa, bogi imakagwira. Tepi ikabwerera mbali ina, dula njanji, nkhani yatha. Bwenzi bokosi lililonse la train set likumabwera ndi bogi yomata tepi kale. Ndikukhulupirira kuti atandisiya ku Miniatur Wunderland, chionetsero chachikulu cha timasitima ku Hamburg, komwe abale awiri Frederik ndi Gerrit Braun anatsegula mu 2001 ndipo pano njanji zake zinadutsa makilomita 16, ndi bogi yangayi nditha kupeza pena paliponse potembenukira. Chala chokha ndiye chingatupe.

Chomwe chikundiwawa n'choti pa kalabu pathu pali mdala wina amene zinthuzi amazidziwa bwino kwambiri, anayamba kuseweretsa timasitima ine ndisanabadwe. Ndinawafunsa katatu. Yankho lawo linali liwu limodzi, polarity (mbali ya plus ndi ya minus), akutero akupita kukathira tiyi. Ulendo wachitatu anandijambulira pa envelopu mizere yopingasana, envelopuyo n'kuiikanso m'thumba mwawo. Si oipa mtima ayi, koma anthu amene chinthu anachimva zaka 40 zapitazo amaiwala pomwe munthu amakodwa. Akanangondifunsa kuti iwe unayambira pa DC eti, nkhani ikanatha tsiku lomwelo. Komanso nthawi yake ndi iti? Timakumana Lachiwiri madzulo basi, maola atatu, ine mashifiti anga amandilola kawiri pa mwezi zikayenda bwino. Ukafika uvundukule nsalu, upukute njanji, ola latha. Ola lachiwiri limathera mkangano wa masiku onse woti njanji ya OO ya 16.5 mm ndi yopapatiza pa sikelo ya 1:76, ena akuti yabwino ndi njanji yotakasukirapo ya EM ya 18.2 mm, ena P4 ya 18.83 mm. Anthu akuluakulu kukangana nkhope zitafiira chifukwa cha mamilimita awiri, ine ndili kunsi kwa matabwa fumbi lili m'mphuno. Tsiku lina ndinawauza kuti njanji ya kwathu ku Malawi ndi 1,067 mm, ndipo pa sikelo ya 1:64 njanji yomweyi ya 16.5 mm ikukwanira bwinobwino, moti ndikadzapanga siteshoni ya Limbe sindidzakangana ndi munthu. Anangondiyang'ana.

Pano chatsala ndi ichi, ndipo apa mtima sunakhale pansi. Lamulo lake n'loti chigawo chodulidwacho chitalike kuposa sitima yako yaitali kwambiri, chifukwa mutu ukamaponda mpata wotulukira bogi yomaliza ikadali pa mpata wolowera, kabokosi kaja kakhala kakukokedwa mbali ziwiri ndipo palibe kusinthanitsa komwe kungakonze zimenezo. Ndayeza pa pulani, chipande chathu chikundipatsa mamita 2.4. Bogi yonyamula anthu ya mtundu wa Mk1 mu OO ndi masentimita 26 ndi kanthu, ndiye mabogi 8 ndi mutu wa dizilo zikungokwana ndendende. Koma mdala wa tiyi uja amakonda kukoka 9, onse a matayala achitsulo, ena oyaka magetsi m'kati. Ndikhoza kusuntha mipata kuti ifike pafupi penipeni ndi point, koma kumeneko miyala ya m'njanji anamata kale ndi guluu ndipo amene anamata sindikufuna kuyambana nawo. Kapena ndingowauza kuti mabogi asapitirire 8, kaya andimvera ine wobwera dzulo. Macheka ndaika kale m'chikwama cha Lachiwiri, koma pomwe ndikadule sindinasankhebe.