Ndinadzizunguza pa mpando mpaka chizungulire, koma ndamvetsa

Ku sukulu ndinkangoloweza L = Iω, fomula ya angular momentum, pa fizikisi, mayeso n'kukhoza bwinobwino, koma mukanandifunsa kuti angular momentum ndi chani kwenikweni ndikanangokuyang'anani basi. Nde sabata yathayi ndinakhala pa mpando uja wozungulira wa pa kompyuta, dzanja lililonse botolo la madzi la malita 2, manja nditatambasula, mng'ono wanga n'kundikankha kamodzi kokha. Ndinkazungulira pang'onopang'ono, zaulesi ndithu. Kenako ndinakokera mabotolo aja pachifuwa. Mayo ine! Mpando unangoti fwii, liwiro lake mpaka ndinagwira mpweya, ndipo palibe anandikankhanso. Kutambasula manja, liwiro latsika. Kupinda, lakwera. Ndinabwereza kangapo mpaka mutu unayamba kuwawa.

Nkhani yake ili apa. Chinthu chikamazungulira pali zinthu ziwiri zochulukitsana: liwiro lomwe chikuzungulira nalo, ndi mmene kulemera kwake kwatalikirana ndi pakati pomwe chikuzungulirapo. Ngati palibe chochokera kunja chochipotokola kapena kuchigwira, zotsatira za kuchulukitsako, zomwe ndi angular momentum ija, sizisintha, nde chimodzi chikachepa chinacho chimakwera basi, palibe kukambirana. Ndipo mtundawo umawerengedwa mwa sikweya, mabotolo mukawabweretsa pa theka la mtunda gawo lawo limatsala kota chabe. Inde thupi langa nalo ndi lolemera nde sikuti liwiro linakwera kanayi, komabe zinamveka.

Koma chomwe chinandisowetsa tulo si chimenecho. Ndinkadzifunsa kuti ngati ndikuthamanga kwambiri ndiye kuti mphamvu yawonjezereka, nanga yachokera kuti poti palibe wandikankha? Poyamba ndinkaganiza kuti mphamvu nayonso imakhala chimodzimodzi, ayi ndithu, imakweradi. Yankho linali m'mikono mwangamu. Pokoka mabotolo aja ndinkamva ngati akukana, akufuna kuthawira kunja, ndinkachita kulimbana nawo, ndipo ntchito yomwe minofu inagwira pamenepo ndi yomwe inasanduka liwiro. Si zaulere eti. Aphunzitsi mwina ananena zimenezi, kaya ndinali kuti tsiku limenelo.

Chosangalatsa n'choti kumwamba nakonso ndi zomwezo. Katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler analemba m'buku lake la mu 1609 kuti pulaneti ikayandikira dzuwa imathamanga, ikatalikira imachedwa, asanadziwe n'komwe chifukwa chake. Dziko lathuli mu Januwale limakhala pafupi, makilomita pafupifupi 147 miliyoni, n'kumayenda makilomita 30.3 pa sekondi, pofika Julayi lili pa 152 miliyoni ndipo latsika kufika 29.3. Mwezi nawo ukutitalikira ndi masentimita 3.8 chaka chilichonse chifukwa mafunde a m'nyanja zamchere amakhala ngati buleki ku dziko, dziko likuchedwa kuzungulira, tsiku likutalika pang'onopang'ono, ndipo zomwe dziko likutaya mwezi ndi omwe ukutola. Mtundawo amauyeza powomba kuwala kwa laser pa magalasi omwe anthu a pa ulendo wa Apollo 11 anasiya ku mweziko mu 1969.

Koma akatswiri opinda manja ndi ma neutron star. Nyenyezi yaikulu ikafa, mkati mwake mumagwera pamodzi mpaka kutsala kampira ka makilomita ngati 20 basi, nde tangoganizani mabotolo anga aja koma kuchokera kutali kotero. Ya mu Crab Nebula, mtambo wa zotsalira za nyenyezi yomwe kuphulika kwake kunaoneka mu 1054, imazungulira pafupifupi ka 30 pa sekondi. Ina imafika ka 716 pa sekondi imodzi. Ine kawiri kokha ndinafuna kusanza.

Mpando wanga unkaima wokha pakapita kanthawi, ma bearing ake ndi otha kale ndipo amalira kwiii, kukhulana kumeneko nde chochokera kunja chija. Mng'ono wanga atakhalapo anataya botolo limodzi pakati pa ulendo ndipo linakagunda sikirini ya kompyuta.