Suti ija ndinavalira banki

Poti kanema uja wafika mpaka ku gulu la WhatsApp la amayi a mvano kwathu ku Ndirande, lekani ndifotokoze ndekha anthu asanathiremo tsabola wawo. Amene mwamuona atavala jekete ndi tayi, m'munsimu kabudula wogonera ndi masilipasi, akuwerama pamaso pa foni yoyedzamira botolo la mafuta ophikira, ndine ndemwe. Koma mutu wanga uli bwinobwino. Ndinkatsegula akaunti ya ku banki.

Inu mukusekera kumudziko, dziwani kuti kuno ku Leicester, ku England, munthu wopanda pepala losonyeza komwe amagona ndi mzukwa. Ndinafika mu Okutobala 2023 pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, ndinakatenga khadi langa la BRP, losonyeza kuti ndaloledwa kukhala m'dziko muno, ku positi ofesi, pasipoti m'thumba, kalata ya ntchito m'manja, n'kulowa m'banki ina m'tauni ndikuyenda ngati mwini wake. Mayi wa pa kauntala anandimwetulira n'kundifunsa umboni wa komwe ndimakhala. Ndinawauza nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, mpaka mtundu wa chitseko. Iwo akuti ayi bambo, pepala: bilu ya magetsi kapena ya gasi ya m'miyezi itatu yapitayi, kalata ya msonkho wa khonsolo (council tax), kapena sitetimenti ya ku banki. Sitetimenti ya ku banki! Ndabwera kudzapempha nkhuku, akuti ndiyambe ndaonetsa mazira ake.

Nyumba yathu timakhalamo anthu asanu, aliyense kachipinda kake, ndipo mabilu onse ali m'dzina la landilodi. Kuntchito akufuna sort code (nambala yozindikiritsa banki) ya manambala 6 ndi nambala ya akaunti ya manambala 8 kuti malipiro alowe. Landilodi akufuna lendi izidutsa ku banki. Ine pakatipo, chuma changa chonse chili m'sokosi, mapaundi 300, kuphatikizapo £20 yomwe amalume anaitulutsa m'Baibulo pa Chileka n'kundipatsa misozi ili m'maso. Ndalama imeneyo mnyamata wa m'shopu anaitembenuza kawiri n'kundibwezera mwaulemu: zapepala zinasiya kugwira ntchito m'mashopu pa 30 Seputembala 2022, pano ndi zapulasitiki. Amalume sindinawauzebe.

Banki yachiwiri inandipatsa fomu yofuna kuti ndilembe konse komwe ndakhala m'zaka zitatu zapitazi. Ndinalemba zoona zokhazokha: Ndirande, kuseri kwa chigayo, mukafike pa amayi ogulitsa mandasi mufunse. Mnyamata wa tayi yofiira anawerenga, n'kupita nayo mkati, ndipo ndinamva anthu awiri akutsokomola nthawi imodzi.

Nthawi yomweyo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, ndipo abale anga onse anasanduka aphunzitsi a masamu. Ngakhale msuweni wanga yemwe anathawa sukulu chifukwa cha long division ankandiuza pa foni kuti paundi imodzi lero ndi makwacha angati. Ndikawauza kuti ndilibe akaunti, ankangoti, "Mwayamba kale kutiiwala eti?"

Wondipulumutsa, yemwenso ndi wojambula kanema uja, ndi mlongo wathu wa ku Zimbabwe wa chipinda cham'mwamba. Anandiuza za mabanki a pafoni, opanda nthambi, opanda mzere. Ungojambula pasipoti, kenako udzijambule kakanema ka masekondi ochepa ukunena dzina lako ndi kuti ukufuna akaunti. Mawu akewo amakulembera pa sikirini. Ntchito yoti mwana wa sitandade 2 angaithe akudya chimanga.

Koma ine ndinaleredwa ndi bambo omwe popita ku banki ku Limbe ankapolisha nsapato usiku wake. Kwathu banki ndi malo olowa utachotsa chipewa. Ndiye ndinakabwereka suti kwa achimwene a ku Mzimba a chipinda choyandikana ndi changa, munthu wa mapewa ngati chitseko cha tchalitchi, moti manja anga anathera m'kati mwa mikono. Thalauzi lake linakana kukhala m'chiuno, n'chifukwa chake kabudula uja. Ndinaona kuti banki iona kumtunda kokha. Ndinasita shati, ndinadzola Vaseline mpaka kuseri kwa makutu, ndinateleka nyemba pa moto pang'ono, n'kukhala pa mpando wa kukhitchini, foni pa botolo.

Nditadina batani lofiira, ulemu unandigwira. Ndinakonza kukhosi. Ndinapereka moni m'Chingerezi changa cha ku sekondale, chija chosungira alendo. Kenako ndinakhala chete. Abale anga, apa ndi pamene mukuseka kwambiri, ndipo ndawerengera ndekha: masekondi anayi athunthu ndikuyang'ana foni, mutu utapendekeka, ndikumwetulira, kudikira kuti banki iyankhe moni wanga. Itapanda kuyankha ndinagwedeza mutu ngati yayankha, n'kunena kuti nanenso ndili bwino. Ndinathokoza a manijala ndi onse ogwira nawo ntchito pondipatsa mpata umenewu. Ndinali nditangoyamba kutchula mudzi wa kwathu, mfumu yaikulu ndi boma la Thyolo, foni inati nthawi yatha. Dzina langa ndinali ndisanalitchule n'komwe.

Kachiwiri ndinadula zothokoza, ndinafika pa dzina, koma botolo linaterereka. Foni inayamba yajambula denga, kenako inagwera pa mpando n'kuonetsa banki yonse kabudula wanga wa maluwa ndi mawondo otuwa, malo okhawo omwe Vaseline sanafikeko. Kachitatu inandiuza kuti nkhope yanga sikuoneka chifukwa pali kuwala kwambiri. Kuwalako ndinali ineyo. Chipumi chinkabweza getsi la kukhitchini ngati malata atsopano mu Okutobala. Ndinapukuta ndi kansalu kopukutira mbale.

Kachinayi zonse zinali m'malo mwake. Dzina ndatchula, mawu akutuluka mosadodoma, ndatsala pang'ono kumaliza, nyemba zija zinapserera. Nyumba za kuno zili ndi kabelu kudenga komwe kakangonunkhiza utsi kamalira ngati mwana wolumidwa ndi linthumbu. Ndiye chomwe banki inalandira ndi bambo wa suti akunena dzina lake modekha, kenako n'kudumpha, kukuwa kuti "Mayo nyemba!" n'kuyamba kukupiza denga ndi jekete la eni ake. Mlongo uja anali atakhala pa masitepe kuyambira pa moni woyamba, foni m'manja, dzanja lina atatseka pakamwa.

Sekani, koma mundiyankhe: ndani wa inu angapite kwa munthu kukamusungitsa ndalama zake zonse osayamba wamupatsa moni? Ngakhale kwa a katapila timayamba tafunsa za ana. Kulakwa kwanga n'kuleredwa bwino basi.

Mawa lake uthenga unabwera woti sanathe kutsimikiza kuti wa mu kanemayo ndi yemwe ali pa pasipoti. Apa sindiwadandaula. Chithunzi cha pa pasipoti ndinajambulitsa nditaima pa mzere kuyambira mbandakucha, wanjala, maso ali psuu, ngati munthu wogwidwa ndi mbuzi ya eni. Munthu wonyezimira wa suti uja sankamudziwa. Ndinadzayesanso patapita masiku awiri, 7 koloko m'mawa ndikuchokera ku naiti, nditavala yunifolomu, ndisanasambe, ndili pa siteji ya basi mphepo ikundimenya. Ndinangowerenga mawu awo aja mokwiya, popanda moni. Basi isanafike n'komwe, akaunti inali itatseguka.

Khadi linabwera pa positi sabata yomweyo, tsiku limodzi ndi kalata ya msonkho yochokera ku HMRC, bungwe lotolera misonkho kuno, yokhala ndi dzina langa ndi adiresi, pepala lomwe lija ndinkalisaka mwezi wathunthu. Ndaliika m'Baibulo pamodzi ndi £20 ya amalume. Achimwene a ku Mzimba akuti jekete lawo likununkha nyemba ndipo kolala ili ndi mafuta, ndiye ndilipire zochapitsa. Ndinawauza kuti ndalama ndilibe pakadali pano. Akuti palibe vuto, poti akaunti ndili nayo tsopano, ndidzangowatumizira pakutha pa mwezi.