Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Phazi la amalume

Nditalephera mayeso a Sitandade 8, amayi ananditumiza ku Ntcheu kukakhala ndi amalume. Iwowa anapita kumigodi ya ku Johannesburg nthawi ya Wenela, n'kubwerako mu 1973 akuyendera ndodo. Thanthwe linawagwera pansi pa mgodi, ndipo mwendo wakumanzere anaudula m'munsi mwa bondo. Chaka chotsatira ndege yonyamula anzawo inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa anthu kupita kumigodi. Ikatuluka nkhani imeneyi amalume ankangopukusa mutu, n'kupempha fodya.

Usiku wina ndinadzidzimuka akundiitana.

"Mphwanga, tandikanda kuphaziku, kukuyabwa."

Ndinagwira phazi lakumanja.

"Osati limenelo, iwe! Linzakelo. Pakati pa chala chachikulu ndi chotsatira."

Ndinayatsa koloboyi. Pamene ankalozapo panali mphasa yokhayokha. Ndi mantha ndinayamba kukanda mphasayo, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola, koma misozi ili mbwembwembwe. Kuyabwako sikunasiye. Nyengo yozizira ankati zala zomwezo zapindika, zikuwawa ngati azipanikiza pachitseko.

Pamudzi nkhani inali yoti mwendo anaukwirira kuchilendo popanda mwambo, ndiye ukuitana mwini wake. Anawatema mphini pabondo, osathandiza. Agogo ankati ndi za mumtima basi, aiwale. Ine ndinkakhulupirira zonse ziwiri, malinga ndi amene walankhula pomaliza.

Patapita zaka zambiri, mnzanga wina wogwira ntchito yachipatala anandimasulira tikudya chipisi. Ubongo uli ndi malo akeake a chiwalo chilichonse: dzanja, milomo, phazi. Mpeni umadula mnofu ndi fupa, koma malo a phazi aja amatsala mu ubongo, akugwirabe ntchito. Ambiri odulidwa chiwalo amamva zimenezi, si misala ayi. Anandiuzanso za dokotala wa ubongo V. S. Ramachandran, amene m'zaka za m'ma 1990 ankaika galasi pakati pa manja a wodwala. Munthu akaona dzanja lotsalalo m'galasi, ubongo umayesa kuti lodulidwa lija labwerera, ndipo ena akalitambasula ululu umachepa.

Chipisi chija sindinamalize. Amalume anali atamwalira kale, ndipo ndinakumbukira kuti pakhoma la nyumba yawo panali galasi losweka pakona, lomatidwa ndi dothi, limene ndinkawagwirira Loweruka lililonse akamameta ndevu.