Mtsikana amene ndinamusiya padoko

M'chaka cha 2023, patapita miyezi ingapo chidutsireni namondwe wa Freddy, sukulu yathu ya kutsidya kwa Shire inaitanidwa ku mpikisano wa makwaya ku Bangula. Anthu othawa madzi anali atangotuluka kumene m'makalasi athu, choncho nyimbo tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa nimu dzuwa likapepa, pakuti kutentha kwa kuno sikulola mwana kukweza mawu masana.

Ana ofuna kuimba analipo 38, koma malamulo a mpikisano ankalola 30, ndipo ndalama zolipirira bwato zinali zongokwanira omwewo. Asanu ndi awiri sanandivute kuwachotsa. Malo otsiriza ndiwo anandisowetsa tulo, chifukwa ankalimbirana mtsikana wa Sitandade 7 amene sanajombepo ngakhale tsiku limodzi, koma mawu ake ankasemphana ndi a anzake nyimbo ikakwera, ndi mnyamata wa besi yokoma amene ankabwera mwa apo ndi apo popeza madzulo ambiri ankakhala kudambo akuthandiza bambo ake kuvuula maukonde. Ndinatenga mnyamatayo, ndipo sindibisa kuti ndinkafuna chikho.

M'mawa wa ulendo mtsikanayo anafika padoko ndi mayi ake, yunifolomu itachapidwa bwino. Mayiwo anandipatsa moni mwaulemu, kenaka anafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mwanayu walakwa chiyani?" Ndinayankha kuti, "Mayi, sanalakwe kanthu, koma malo achepa." Iwo anangoti zikomo n'kubwerera, ndipo zikomo ameneyo amandilasabe mpaka lero.

Ku Bangula tinakhala achitatu. Oweruza anapereka malikisi pa kavalidwe, pomwe ena mwa ana anga zovala zawo zinapita ndi madzi, ndiponso anatidula pa katchulidwe ka mawu a Chichewa, ngakhale kuti ambiri mwa anawo kwawo amayankhula Chisena. Sukulu imene inapambana ili m'mphepete mwa msewu wa M1, ili ndi magetsi ndi kiyibodi, ndipo ana ake sanaoloke mtsinje m'mawa umenewo. Ndinadandaula kwambiri kuti tayesedwa ndi muyeso wosaganizira kumene tachokera. Tili m'bwato pobwerera, mnzanga wina anandifunsa mwakachetechete ngati ineyo ndinaganizirako za khama la mtsikana uja, ndipo ndinangoyang'ana madzi.

Sindikunena kuti mnyamatayo sankayenera kupita, pakuti kujomba kwake kunali kwa umphawi, osati ulesi. Cholakwa changa chinali chakuti ana sindinawauze pachiyambi chimene ndidzayang'ane posankha, mwakuti mtsikanayo anakhala miyezi iwiri akukhulupirira kuti kubwera tsiku ndi tsiku n'kokwanira. Tsopano ndimanena poyera teremu ikamayamba, ndimalemba maina a obwera m'kaundula, ndipo otsala pa mpikisano ndiwo amatsogolera nyimbo pa tsiku lotsekera sukulu.

Mtsikana uja sanabwererenso ku kwaya yathu. Ndinamva kuti amaimba alito kutchalitchi kwawo, ndipo tikakumana pamsika amandipatsa moni n'kupitirira.