Flagyl akakanika: zomwe ndaphunzira za trichomoniasis

Sabata ino m'kalasi lathu la unamwino kuno ku Blantyre tinali pa trichomoniasis, matenda opatsirana pogonana amene amayi ambiri amangowaponya m'gulu la mauka. Amayamba ndi kachilombo ka Trichomonas vaginalis, kamene pa maikulosikopu kamaoneka kakuphiriphitha ndi timichira take. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu pafupifupi 156 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 anatenga matendawa. Mayi amamva kuyabwa, chikazi chimatuluka chachikasu, cha thovu ndi fungo. Bambo nthawi zambiri samva kanthu.

Nkhani yagona pa bamboyo. Mayi akabweranso atamwa metronidazole, uja timamutcha Flagyl, n'kosavuta kuthamangira kunena kuti kachilombo kapima, sikakumvanso mankhwala. Chonsecho kawirikawiri amakhala kuti wapatsidwanso ndi mwamuna amene sanalandire mankhwala, kapena anasiyira mapiritsi panjira chifukwa cha nseru ndi kuwawa m'kamwa. Ndiye timayamba tafunsa: "Amayi, munamaliza masiku onse 7? Nanga abambo kunyumba anamwa nawo?"

Kupima kwenikweni kuliko ndithu, bungwe loona za matenda ku America la CDC limati ndi odwala 4 mpaka 10 pa 100 alionse. Chomwe chandisangalatsa n'chakuti metronidazole salowa ali poizoni kale. Kachilombo komweko ndi kamene kamamusandutsa poizoni m'kati mwake, malinga ngati mulibe oxygen. Kachilombo kopima sikachotsa bwino oxygen m'kati mwake, choncho mankhwala ambiri amangokhala osagwira ntchito. N'chifukwa chake kukweza mlingo kumathandiza. Mayi amayamba ndi 400 kapena 500 mg kawiri patsiku kwa masiku 7. Zikakanika koma sanapatsidwenso matendawa ndi mwamuna, dokotala amakweza kufika 2 g patsiku kwa masiku 7, ya metronidazole kapena mankhwala ena ofanana naye otchedwa tinidazole. Zikavutabe, tinidazole wakumwa amaphatikizidwa ndi mankhwala oika kumaliseche monga paromomycin kwa masiku 14.

Zonsezi n'za m'buku. M'zipatala zathu zambiri timachiza poona zizindikiro, osayeza, ndipo kutsimikiza kuti kachilombo kapimadi kumafuna labotale yapadera. Kwa ine, chida chomwe namwino ali nacho m'manja ndi kulankhula bwino ndi mayiyo mpaka abwere ndi mwamuna wake, onse amwe, ayambe aleka kugonana mpaka atamaliza mankhwala ndi kuchira, ndipo ayezetsenso HIV poti matendawa amachititsa kuti HIV ilowe mosavuta.