Chigamulo cha Janice Barton ndi mafunso a amalume

Lachinayi usiku. Amalume andisokonezera filimu yanga ndipo mpaka pano mtima sunakhale m'malo.

Anabwera kudzaonana ndi dokotala wa maso, ndiye akugona kwathu mpaka Loweruka. Titatha kudya ndinatsegula laputopu kuti ndionere Perry Mason, yakalekale ija ya zithunzi zakuda ndi zoyera, imene inkaonetsedwa pa CBS ku America kuyambira 1957 mpaka 1966. Zigawo zake zilipo 271 ndipo pafupifupi zonse zimayenda njira imodzi. Munthu waphedwa ku Los Angeles, apolisi agwira wosalakwa, loya wa boma Hamilton Burger wabwera ndi umboni wooneka wosagwedezeka, kenako Mason, loya woteteza wogwidwayo, amene ankaseweredwa ndi Raymond Burr, apanikiza mboni ndi mafunso mpaka wakupha weniweni aulule yekha. Mathero ndimawadziwa ndisanayambe n'komwe, ndipo n'chimene ndimaikondera. Tsiku likandivuta ndimafuna kuona chinthu chimodzi chokha chikutha bwino.

Koma lero ndinagwera pa The Case of the Deadly Verdict, ya 1963, ndipo imeneyi imayambira pamene zinzake zimathera. Jury, gulu la anthu wamba osankhidwa kuti agamule mlandu, ikubwerera m'khothi, chigamulo chikuwerengedwa, Janice Barton wapezeka wolakwa pa mlandu wopha azakhali ake. Chilango chake imfa. Mason waluza! Ndinaimitsa kaye kuti ndiwafotokozere amalume kuti zimenezi sizichitikachitika, kuti bambo ameneyu amadziwika ndi kupambana.

Iwo anakokera mpando pafupi, n'kuyandikitsa nkhope pa laputopu chifukwa cha ng'ala yawo. Amalume anagwira ntchito yomasulira m'makhothi mpaka kupuma, ndiye Chingelezi cha anthu ovala mikanjo sichiwathawa.

"Mphwanga, mayiyu akubisa chinachake kwa loya wakeyu?"

Ndinati inde, sakufuna kunena zoona za kumene anali usiku umenewo.

"Basi wadzimangirira yekha chingwe," anatero, n'kukhala chete mpaka kumapeto. Mason sanagonje, anapitiriza kufufuza pamodzi ndi Paul Drake, wofufuza wake uja, ndi Della Street, mlembi wake, mpaka wakupha weniweni anapezeka Janice asanaphedwe. Nyimbo yotsekera itayamba ine ndinapumira m'mwamba. Amalume anaseka, koma kuseka kwake sikunandisangalatse.

Funso lawo loyamba linali lakuti Drake amamulipira ndani. Ndinati Mason. "Nanga Mason amamulipira ndani? Munthu ali kale m'ndende, loya n'kumathamangabe usiku ndi galimoto yake, mafuta ake?" Kenako anafunsa za zigawo zina zija, ngati n'zoona kuti wakupha amaimirira m'khothi n'kuvomera. Nditati inde, anapukusa mutu. Akuti zaka zonse zimene anaima pakati pa jaji ndi wozengedwa mlandu sanaonepo mboni kapena munthu wokhala pa benchi kumbuyo akudzuka n'kunena kuti mumasuleni uyo, ndinapha ndine. Anaona mboni zonama, anaona zolira, anaona zoiwala dala. Yodzipereka yokha ayi.

Apa ndinapsa mtima pang'ono, chifukwa ndani sadziwa kuti ndi sewero? Ndinawauza kuti amene anayambitsa nkhanizi, Erle Stanley Gardner, sanali munthu wongolota. Anali loya ku California asanatulutse buku loyamba la Mason mu 1933, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa gulu lotchedwa Court of Last Resort loti lizifufuzanso milandu ya anthu oganiziridwa kuti anamangidwa osalakwa. Ndinawonjezeranso za Sonia Sotomayor, kuti mu 2009 pamene aphungu a Senate ankamufunsa mafunso asanakhale jaji wa khothi lalikulu la America, ananena yekha kuti ali mwana ankaonera Perry Mason ndipo inamukokera ku zamalamulo. Senator Al Franken anamufunsa kuti mlandu umene Mason analuza unali uti, iye osaukumbuka. Ndinkayankhula mothamanga, ngati ndikuteteza m'bale wanga.

Amalume anandisiya ndimalize. Kenako anati vuto lawo silakuti filimuyo ndi yabodza. Vuto n'lakuti imaphunzitsa anthu kuti wosalakwa amamasuka pokhapokha wolakwa atapezeka. Pamalamulo si choncho. Boma ndilo liyenera kutsimikizira khothi popanda chikayiko kuti munthu anapha, ndipo likalephera, munthuyo azipita kwawo ngakhale wakuphayo asadziwike mpaka kalekale. "Koma pita ukamve zimene anthu amanena panja pa khothi munthu akamasulidwa. Amati nanga ngati si iyeyu ndi ndani? Ngati kuti ndi ntchito yake kubweretsa wina."

Ndinalibe choyankha. Ndinadzuka kukatereka madzi a tiyi ngakhale panalibe amene anapempha tiyi.

Sindikudziwa kuti zinafika bwanji pa nkhani inayo. Mwina ndi chigamulo chija chakumayambiriro, mmene kamera inaima pankhope ya mayi uja. Ndili kukhitchini anayamba kuyankhula okha, mokweza kuti ndimve. Akuti kale, chisanabwere chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007, munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wakupha kuno kwathu jaji analibe kusankha, chilango chinali imfa basi. Jaji amanena m'Chingelezi, maso ali pa mapepala ake. Koma wozengedwa mlanduyo sayang'ana jaji, amayang'ana womasulira, chifukwa mawu amene awamve atuluka pakamwa pa iyeyo. Tsiku lina anamasulira chilango chimenechi kwa bambo wina wakumudzi, wovala jekete lalikulu lobwereka, manja ake atagwira thabwa la kabokosi koimamo kaja. Anamuuza zonse momveka, osadumpha liwu. Bamboyo anagwedeza mutu mwaulemu, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye ndibwerenso liti, bwana?"

Amalume akuti anayang'ana jaji, jaji anali atayamba kale kutolera mapepala.

Ndinafunsa ngati bamboyo anaphadi munthu. Anati sakudziwa, womasulira safunsidwa zimenezo. Anangoti umboni unali wa anthu awiri amene sankagwirizana ngakhale pa nthawi imene zinachitika, ndipo loya wake anakumana naye koyamba m'mawa womwewo. Ndinati komatu chiyambire 1992 palibe amene ananyongedwa m'dziko muno, mwina ali moyo, mwinanso anali m'gulu la akaidi aja amene milandu yawo inaunikidwanso kuyambira 2015, ambiri n'kutulutsidwa. Anati mwina. Tiyi sanamwe, anapita kukagona.

Ine ndatsala pano. Ndimafuna kuwakwiyira chifukwa ndinali ndi kanthu kanga kamodzi kopumulirako, mphindi makumi asanu zimene chilungamo chimafika nthawi yake, ndipo andilowetseramo bambo wa jekete amene sindidzamuona. Komanso ndikaganiza bwino, chigawo cha lerochi chinanena zomwezo amalume asanatsegule pakamwa. Janice anali wosalakwa, anali ndi loya woposa onse a pa TV, jury ya anthu 12 inamva zonse, ndipo inamupezabe wolakwa. Chinamupulumutsa si khothi. Ndi munthu mmodzi wamakani amene anali ndi ndalama zolipira wofufuza. Kodi ndakhala ndikuonera chiyani nthawi yonseyi? Burger ndinkamutenga ngati chitsiru choluza sabata iliyonse, koma lero ndamuona mwa mtundu wina, ndi munthu amene akanatha kuphetsa wosalakwa akugwira ntchito yake moona mtima, mapepala onse ali m'malo.

Magetsi angothima ndipo batire yatsala pang'ono. Mawa tiyenera kulawira kuti tikapeze malo pamzere wa kuchipatala. Ndikufuna kudzawafunsa m'minibasi ngati dzina la bambo uja akulikumbuka, koma sindikudziwa ngati ndi funso lofunsa munthu amene akupita kukang'ambidwa diso. Ndipo akandiuza, ndichita nalo chiyani?